Tiyambe kufufuza chiti? Mbiri ya ndalama za kafukufuku wa umoyo wa ana

Kwa nthawi yaitali panalibe amene ankakhala pansi n'kufunsa kuti mwa matenda onse opha ana padziko lapansi, ndalama za kafukufuku zipite kaye ku matenda ati. Ndalama zinkangotsatira mantha a eni ake. Maiko a atsamunda ankafufuza malungo ndi kaodzera chifukwa matendawa ankagwetsa asilikali awo, akuluakulu a boma ndi antchito a m'minda yawo. Mwana wa m'mudzi amene wamwalira atatsegula m'mimba masiku atatu sankalembedwa m'kaundula aliyense, choncho imfa yake sinkafika m'makutu mwa ogawa ndalama.

Ngakhale madzi a mchere ndi shuga, amene ku Malawi timawadziwa ndi dzina la Thanzi ORS, anabadwa mwa njira yomweyo. M'chaka cha 1960 kunatsegulidwa labotale yofufuza kolera mumzinda wa Dhaka, umene panthawiyo unali m'manja mwa Pakistan. Anaikhazikitsa pansi pa SEATO, mgwirizano wa chitetezo umene America inapanga ndi maiko ena pofuna kutchinga chikomyunizimu ku Asia, ndipo china chimene chinkadetsa nkhawa akuluakulu ku Washington chinali choti asilikali awo angakumane ndi kolera kumaiko amenewo. M'zaka zomwezo akatswiri a m'malabotale, mmodzi mwa iwo Robert Crane, anatulukira kuti matumbo amayamwa mchere mosavuta ukalowa pamodzi ndi shuga, ndipo madzi amatsatira mcherewo. Kafukufuku wa Crane sanali wokhudza ana kapena kolera. Koma mu 1968 madokotala awiri achinyamata, David Nalin ndi Richard Cash, anaonetsa ku Dhaka kuti wodwala kolera akamamwa madzi osakaniza bwino mchere ndi shuga, madiripi ofunika kumuika amachepa ndi pafupifupi 80 peresenti.

Umboni waukulu unabwera ndi nkhondo. Mu 1971, pamene Bangladesh inkamenyera ufulu wake, anthu mamiliyoni anathawira ku India, ndipo kolera anabuka m'misasa. Ku msasa wa Bangaon madiripi anatha. Dokotala wa ana wochokera ku Calcutta, Dilip Mahalanabis, anayamba kusungunula mchere, soda ndi shuga m'migolo, n'kuuza abale a odwala kuti azitunga ndi makapu n'kumamwetsa anthu awo. Madokotala ambiri a nthawi imeneyo akanati ntchito yotere si yopatsa munthu wamba. Mwa odwala oposa 3,000 amene anathandizidwa choncho, amene anamwalira anali osakwana 4 mwa 100 alionse, pomwe m'mbuyomo ankafa pafupifupi 30.

Mankhwala anapezeka, koma ana anapitirizabe kufa: cha m'ma 1980 matenda otsegula m'mimba ankapha ana pafupifupi 4.6 miliyoni pachaka. Funso lotsala linali lakuti mankhwalawo afike bwanji kwa mayi wosadziwa kuwerenga, wokhala kutali ndi chipatala. Bungwe la BRAC, limene anayambitsa Fazle Hasan Abed, ndi limene linalitenga funsoli ngati nkhani yofunika kufufuzidwa payokha. Kuyambira 1980 linatumiza atsikana ndi amayi ophunzitsidwa kuyenda khomo ndi khomo m'midzi ya Bangladesh. Mphunzitsi akafika pakhomo ankapempha chiwiya cha m'nyumba momwemo, n'kuikapo chizindikiro pamene madzi okwana theka la lita afika. Kenako mayi ankatsina mchere ndi zala zitatu, n'kutapa dzanja limodzi la shuga wosayenga wa nzimbe, n'kutakasa yekha mphunzitsi akuyang'ana. Patapita milungu ingapo kunkabwera oyendera, amene ankasankha makomo ena, kufunsa mayi zimene akukumbukira, n'kutenga madzi amene wasakaniza kukawayeza. Malipiro a mphunzitsi ankadalira mayankho a amayiwo. Pamene ntchitoyi inkatha mu 1990 inali itafika m'makomo pafupifupi 12 miliyoni.

Mkangano wonse wa zaka zotsatira uli kale m'nkhani imeneyi. Pali kafukufuku wa Crane, wofufuza zimene palibe akudziwa, amene phindu lake silioneka mpaka litabwera. Pali kafukufuku wa BRAC, wofufuza chifukwa chake chinthu chodziwika kale sichikufika kwa ochifuna. Onse awiri anafunika kuti mwana apulumuke. Koma woyambayo ndi amene amabweretsa ulemu, mphoto ndi mankhwala ogulitsa, ndipo kwa zaka zambiri anthu ena sankavomereza n'komwe kuti wachiwiriyo ndi sayansi.

Kuyesa koyamba kundandalika matenda mwadongosolo kunabwera chifukwa chotsutsana ndi msonkhano wa ku Alma-Ata wa 1978. Kumeneko maiko anagwirizana kuti pofika 2000 munthu aliyense akhale ndi chithandizo cha zaumoyo pafupi ndi kwawo, kuphatikizapo madzi abwino ndi chakudya chokwanira. Patangotha chaka, Julia Walsh ndi Kenneth Warren wa ku Rockefeller Foundation analemba kuti masomphenyawo ndi abwino koma ndalama zake palibe, choncho ndi bwino kusankha matenda ochepa. Anati pa nthenda iliyonse pafunsidwe kuti imagwira anthu angati, imapha kapena kulumalitsa angati, ndiponso ngati pali njira yotsika mtengo yothana nayo. Anthu a Alma-Ata anaona ngati aperekedwa, ndipo mpaka lero alipo amene sanakhululuke. Koma James Grant, amene anayamba kutsogolera UNICEF mu 1980, anautenga mzimu wosankhawo ndi manja awiri. Mu 1982 analengeza zinthu zinayi zoti dziko lonse lilimbikire: kuyeza ana kusikelo, ORS, kuyamwitsa ndi katemera. Pofika 1990 ana olandira katemera anali atachoka pa mmodzi mwa asanu kufika pa oposa 70 mwa 100 alionse.

Pa mndandanda wa Grant panalibe chibayo, ngakhale chinkapha ana mamiliyoni. Chinatsalira chifukwa anthu ankaganiza kuti palibe chimene munthu wopanda makina ojambulira m'chifuwa angachite. Anasintha maganizowa ndi madokotala ogwira ntchito kumapiri a Papua New Guinea, makamaka Frank Shann, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti chibayo choopsa cha ana nthawi zambiri chimayamba ndi mabakiteriya, ndiponso kuti munthu angachizindikire pongowerenga kapumidwe ka mwana. Mlangizi wa zaumoyo amene lero amavundukula chifuwa cha mwana n'kuwerenga mpweya kwa mphindi imodzi, kuona ngati wafika 50 kwa khanda la miyezi 2 mpaka 11 kapena 40 kwa wokulirapo, akugwiritsa ntchito kafukufuku ameneyo. Apa mndandanda unaonetsa vuto lake loyamba: ukaika patsogolo matenda amene mankhwala ake alipo kale, nthenda imene ikusowa kafukufuku kwambiri ndi imene imakankhidwira kumbuyo. Mu 2006 UNICEF ndi WHO anali akudandaulabe kuti chibayo chinaiwalika.

Ndalama zenizenizo zinawerengedwa koyamba mu 1990. Komiti yapadera ya Commission on Health Research for Development, imene wapampando wake anali John Evans wa ku Canada, ndipo mwa mamembala ake munali Adetokunbo Lucas wa ku Nigeria ndi Abed wa BRAC uja, inatulutsa lipoti lake ku Stockholm. Inapeza kuti mu 1986 dziko lonse linagwiritsa ntchito madola pafupifupi 30 biliyoni pa kafukufuku wa zaumoyo, ndipo ndalama zopita ku mavuto a maiko osauka zinali ngati 5 peresenti yokha, chikhalirecho 93 peresenti ya imfa zopeweka zinkachitika kumaiko amenewo. Komitiyo sinangoloza chala maiko olemera. Inati dziko lililonse, ngakhale losaukitsitsa, lizikhala ndi kafukufuku wakewake woyankha mafunso ake, ndipo lizipatula 2 peresenti ya bajeti ya zaumoyo kaamba ka ntchitoyi. Mabungwe othandiza nawonso azipatula 5 peresenti ya thandizo lawo la zaumoyo. Mu 1993 kunakhazikitsidwa bungwe la COHRED ku Geneva kuti lizilimbikitsa mfundo imeneyi.

Chaka chomwecho cha 1993 Banki Yaikulu Padziko Lonse inatulutsa lipoti limene linabweretsa muyezo watsopano, wokonzedwa ndi Christopher Murray ndi Alan Lopez. Muyezowu, umene akatswiri amautcha DALY, umawerenga zaka za moyo wathanzi zimene zatayika chifukwa cha imfa yamsanga kapena kulumala. Unathandiza ana kwambiri, pakuti mwana womwalira ali ndi chaka chimodzi amataya zaka zambiri kuposa gogo womwalira ali ndi zaka 75. Koma m'masamu ake munabisala ziweruzo zimene si za sayansi. Poyamba chaka chimodzi cha moyo wa khanda chinkawerengedwa chopepuka kuposa chaka cha munthu wa zaka 25, ndipo mfundo imeneyi inachotsedwa patapita zaka pafupifupi 20. Ana obadwa akufa sankawerengedwa n'komwe. Komabe muyezowu unapatsa anthu poyambira, ndipo mu 1996 komiti ina ya WHO inaugwiritsa ntchito poyerekeza kukula kwa nthenda iliyonse ndi ndalama zimene ikulandira. Kuchokera apo kunabadwa bungwe la Global Forum for Health Research, limene linatchukitsa mfundo yakuti ndalama zosakwana 10 peresenti ndi zimene zimapita ku mavuto a anthu 90 peresenti. Manambalawa sanali olondola ndendende, koma analowa m'mitu ya anduna ndi atolankhani kuposa malipoti onse a m'mbuyomo.

Kenako ndalama zinabweradi. Cha m'ma 2000 Bill ndi Melinda Gates anakhazikitsa bungwe lawo, n'kupereka madola 750 miliyoni oyambira mgwirizano wa katemera wa Gavi. Atsogoleri a maiko anagwirizananso zochepetsa imfa za ana osakwana zaka zisanu ndi magawo awiri mwa atatu pofika 2015. Ndiye funso la chofunika kuyamba linasiya kukhala la m'mabuku.

Chaka cha 2003 chinatulutsa mayankho awiri osiyana. Loyamba linachokera kwa gulu la akatswiri amene anakumana ku Bellagio m'dziko la Italy, n'kufalitsa zimene anapeza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Robert Black, Jennifer Bryce, Cesar Victora ndi anzawo anati mu 2000 ana 10.8 miliyoni anamwalira asanakwanitse zaka zisanu, ndipo 90 peresenti ya imfazo inachitika m'maiko 42 okha. Chimene chinadzidzimutsa anthu chinali chakuti pafupifupi ana 6 miliyoni mwa iwo akanapulumuka ndi zinthu zimene zinalipo kale: kuyamwitsa mwakathithi, ORS, masikito onyikidwa m'mankhwala, mankhwala a chibayo, katemera wa chikuku, mzamba wodziwa ntchito. Yankho lachiwiri linachokera kwa Gates, amene analengeza mavuto akuluakulu 14 oti asayansi a padziko lonse alimbane nawo, monga katemera wosafuna firiji, katemera wosafuna jakisoni, njira zosintha udzudzu kuti usamafalitse matenda, ndi mbewu zokhala ndi michere yambiri. Mu 2005 madola oposa 430 miliyoni anagawidwa ku magulu 43 a ofufuza, ambiri mwa iwo otsogoleredwa ndi mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya.

Jef Leroy ndi anzake anaganiza zowerenga kuti ndalama zatsata yankho liti. Anatenga thandizo limene bungwe la Gates ndi la NIH, lomwe ndi thumba lalikulu la boma la America la kafukufuku wa zaumoyo, anapereka pa matenda opha ana pakati pa 2000 ndi 2004. Zotsatira zake zinatuluka mu 2007: mapulojekiti 97 mwa 100 anali ofuna kupanga zinthu zatsopano, atatu okha ndi amene anali ofufuza kafikitsidwe ka zimene zilipo. Malinga ndi masamu awo, zatsopanozo zikanachepetsa imfa za ana ndi 22 peresenti, pomwe kufikitsa zakale kwa ana onse kukanazichepetsa ndi oposa 60 peresenti. Ngakhale pa zatsopanozo kagawidwe kanali kokondera. Kalembera woyamba wa G-FINDER anapeza kuti mwa madola 2.5 biliyoni amene anaperekedwa mu 2007 popanga mankhwala ndi katemera wa matenda a maiko osauka, Edzi, malungo ndi TB zinatenga magawo oposa atatu mwa anayi. Matenda otsegula m'mimba analandira zosakwana 5 peresenti, ndipo chibayo choyamba ndi mabakiteriya, pamodzi ndi matenda oumitsa khosi, chinalandira zosakwana 2 peresenti. Edzi inali ndi anthu oiyankhulira, odwala akuluakulu odziwa kuguba m'misewu ya New York ndi Cape Town. Mwana wa chibayo analibe womugubira.

Panthawi imeneyi m'pamene panabadwa njira imene lero ikugwiritsidwa ntchito kwambiri. Pansi pa Global Forum panali kabungwe koona za umoyo ndi kadyedwe ka ana, kodziwika ndi zilembo zakuti CHNRI, kamene kanayamba mu 1999. Mu 2005, ndi ndalama za Banki Yaikulu, kanapempha Igor Rudan, dokotala wa ku Croatia, kuti pamodzi ndi Black, Shams El Arifeen wa ku Dhaka ndi ena akonze njira yosankhira imene munthu aliyense angaione mkati mwake. M'mbuyomo zosankha zinkachitika m'chipinda: akatswiri khumi ndi awiri azungulira tebulo ku Geneva, pulofesa wamawu aakulu n'kupambana, aliyense akukankhira nthenda imene iye amafufuza.

Njira ya CHNRI imayamba ndi kupempha akatswiri ambiri, aliyense payekha, kuti alembe mafunso amene akuona kuti akufunika kufufuzidwa. Mafunsowo, amene nthawi zambiri amapitirira 100, amasonkhanitsidwa pa mndandanda umodzi, funso la katemera watsopano pafupi ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani amayi amachedwa kupita kuchipatala mwana akamabanika. Kenako katswiri aliyense amalandira mndandandawo pa kompyuta yake n'kupereka malikisi popanda kuona a mnzake. Funso lililonse limayesedwa ndi miyeso isanu. Kodi lingayankhike, popanda kulakwira ana ochitidwa kafukufukuyo? Yankho lake lingabale chinthu chogwiradi ntchito? Chinthucho chingafike kumudzi, boma n'kuchikwanitsa chaka ndi chaka? Chingachepetse imfa zochuluka bwanji? Nanga chidzathandiza osauka kapena chidzangowonjezera mwayi wa amene ali nawo kale? Woyankha amalemba 1 ngati akuti inde, 0 ngati akuti ayi, theka ngati ali pakatikati, ndipo ngati sakudziwa amasiya posalemba. Malikisi onse amaphatikizidwa, ndipo aliyense angathe kuona pamene funso lina lagwera ndi muyeso umene waligwetsa.

Mbali imene imandisangalatsa ndi yakuti njirayi inavomereza poyera kuti akatswiri sangayankhe zonse. Kudziwa ngati katemera angagwire ntchito ndi nkhani ya asayansi, koma kunena kuti chofunika kwambiri ndi kupulumutsa ana ambiri kapena kuyamba ndi osaukitsitsa ndi nkhani ya anthu onse. Choncho anthu ena, monga aphunzitsi, ogwira ntchito zaumoyo, a mabungwe ndi anthu wamba, amapemphedwa kuti anene muyeso umene uyenera kulemera kuposa unzake. Lydia Kapiriri ndi anzake atayesa zimenezi anapeza kuti gulu la anthu a m'maiko osiyanasiyana linalemeretsa kuchuluka kwa imfa zopeweka, pomwe anthu a ku South Africa analemeretsa chilungamo pakati pa olemera ndi osauka. Munthu wodziwa mbiri ya dzikolo sangadabwe.

Ku South Africa komweko n'kumene njirayi inayesedwa koyamba pa dziko limodzi, ndipo Mark Tomlinson, Mickey Chopra ndi anzawo anafalitsa zotsatira mu 2007. WHO inatsatira ndi matenda otsegula m'mimba mu 2009, kenako chibayo ndi kubanika kwa ana pobadwa mu 2011. Pafupifupi paliponse zinatuluka zofanana: pamwamba panali mafunso a kafikitsidwe. Pa kutsegula m'mimba panali mafunso onga akuti chikulepheretsa amayi kugwiritsa ntchito ORS n'chiyani, ndiponso mapiritsi a zinki, amene WHO ndi UNICEF anavomereza mu 2004 kuti mwana azimwa masiku 10 mpaka 14, angafike bwanji m'midzi. Pa chibayo panali funso la zimene zimatchinga makolo kufuna thandizo msanga. Pofika 2017 njirayi inali itagwiritsidwa ntchito maulendo 50, ndipo inali itafalikira ku matenda a maganizo, kulumala ndi umoyo wa achinyamata.

Koma tisaikweze mopitirira. Amene waika malire a nthawi ndi amene wasankha kale theka la yankho. Akatswiri aja ankauzidwa kuti aganizire zimene zingathandize pofika 2015, ndiye funso lililonse lofuna zaka 20 linkagwa lisanayambe. Kafukufuku wa Crane akanapeza malikisi ochepa kwambiri. Katemera wa malungo wa RTS,S anayamba kupangidwa mu 1987, anayamba kuperekedwa kwa ana mongoyesa ku Malawi mu Epulo 2019, kenako ku Ghana ndi Kenya, ndipo WHO inamuvomereza mu Okutobala 2021. Palibe mndandanda wa zaka khumi umene ukanamudikira. Chinanso n'chakuti nzeru za gulu nthawi zina zimakhala kulakwitsa kwa gulu. Alfred Sommer atanena mu 1986 kuti kapisozi wa vitamini A anachepetsa imfa za ana ndi gawo limodzi mwa atatu ku Aceh m'dziko la Indonesia, akatswiri ambiri sanamukhulupirire mpaka kafukufuku wina atatsimikiza. Ndipo mu 2011 kafukufuku wa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, wotsogoleredwa ndi Kathryn Maitland, anapeza kuti kuthira madzi ambiri mwachangu m'mitsempha ya mwana wodwala kwambiri malungo kapena matenda a m'magazi, chinthu chimene madokotala ankachita molimba mtima, kunkawonjezera imfa. Ndi akatswiri angati akanaika patsogolo funso limene onse ankaona ngati linayankhidwa kale?

Nkhani ya katemera wa rota, kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba, ikuonetsa vuto lina, la amene zosankha zimapangidwira. Katemera woyamba anavomerezedwa ku America mu 1998, n'kuchotsedwa mu 1999 atapezeka kuti amapotokola matumbo a mwana mmodzi mwa pafupifupi 10,000. Ku America, kumene kachilomboka kankapha ana ochepa kwambiri, chiganizocho chinali chomveka. Koma padziko lonse kankapha ana pafupifupi theka la miliyoni pachaka, ndipo zoyesa katemerayo ku Asia ndi ku Africa zinaima pomwepo. Maiko osauka nawonso sanafune chinthu chimene America yachikana. Makatemera atsopano anatuluka mu 2006. Mmodzi atayesedwa ku Blantyre ndi ku South Africa, anapezeka kuti amateteza ana a ku Malawi ndi 49 peresenti yokha, pomwe ku South Africa inali 77 peresenti. Wongoyang'ana manambala amenewa akanati katemerayu si wa ku Malawi. Koma popeza matendawa anali ochuluka kuno, katemera yemweyo anapewetsa matenda aakulu ochuluka ku Malawi pa ana 100 alionse kuposa ku South Africa. WHO inalangiza maiko onse kuti amutenge mu 2009, ndipo Malawi inayamba kumupereka mu Okutobala 2012. Yankho limeneli silikanapezeka ku labotale ya kunja.

Ana akhanda ndi amene anafika mochedwa kwambiri pa mindandanda yonseyi. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti kupulumutsa mwana wa masiku ochepa kumafuna makina odula. Abhay ndi Rani Bang anatsutsa zimenezi ku Gadchiroli m'dziko la India, kumene amayi a m'mudzi ophunzitsidwa kuyendera makanda ndi kuwabaya jakisoni akadwala anachepetsa imfa zawo ndi oposa theka, monga zinafalitsidwira mu 1999. Mu 2005 Joy Lawn ndi anzake anawerenga makanda 4 miliyoni omwalira chaka chilichonse m'mwezi wawo woyamba. Njira ya kangaru, yomangirira mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa cha mayi ake, inayamba ku Bogotá mu 1978. Funso losavuta lakuti kodi mwanayo aikidwe pachifuwa atangobadwa kapena adikire kaye akhazikike linayankhidwa mu 2021, patapita zaka 43, ndi kafukufuku wochitika ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuyamba nthawi yomweyo kunachepetsa imfa za tiana tolemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8 ndi gawo limodzi mwa anayi. Chifukwa chake funsoli linadikira nthawi yonseyi sichovuta kuchiona: pachifuwa cha mayi palibe chogulitsa.

Zinthu zasintha ndithu. Ana omwalira asanakwanitse zaka zisanu anali oposa 12 miliyoni mu 1990. Mu 2023 anali 4.8 miliyoni, pafupifupi theka la iwo makanda. Malawi inatsitsa imfazi kuchoka pa 247 mwa ana 1,000 mu 1990 kufika pa 71 mu 2013, ndipo zambiri zimene zinathandiza zinali za m'gulu la kafikitsidwe: masikito, katemera, mankhwala oteteza mwana ku HIV, zipatala za m'midzi zoyendetsedwa ndi alangizi a zaumoyo, ndi chiponde chimene kafukufuku wa Mark Manary ndi anzake anaonetsa kuti chimachiza mwana wonyentchera ali kunyumba. Mabungwe opereka ndalama nawonso anayamba kumvera, moti kafukufuku wa kangaru uja analipiridwa ndi bungwe la Gates. Komabe mpaka lero ana otsegula m'mimba amene amalandira ORS padziko lonse sakwana theka.

Kwa ine, chimene zaka zonsezi sizinasinthe n'chakuti olemba mndandanda ndi osunga thumba akhala anthu osiyana. Luso lolemba mndandanda lakula kwambiri. Lero unduna uliwonse ungathe kuchita zimenezi m'miyezi yochepa, ndipo Malawi inatulutsa mndandanda wake wa kafukufuku wa zaumoyo wa 2012 mpaka 2016. Koma wofufuza wa ku Blantyre, Lusaka kapena Tete akafuna ndalama amayankha chiitano cholembedwa ku Seattle, London kapena Bethesda, ndipo amapinda funso lake kuti lilowe m'chiitanocho. Nduna za zaumoyo zinabwereza lonjezo la 2 peresenti ku Bamako mu Novembala 2008, koma ndi maiko ochepa amene analikwaniritsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo chaka cha 2025 chinatsimikiza zimenezi mowawa. Boma la America linaimitsa thandizo lakunja mu Januwale, n'kutseka USAID mu Julayi. Mwa ntchito zimene zinadulidwa panali ya DHS, kalembera wa khomo ndi khomo amene kuyambira 1984 wakhala akuuza maiko ambiri kuchuluka kwa ana awo amene akumwalira. Malawi inachita kalembera wotere koyamba mu 1992, ndipo manambala ambiri amene unduna umakonzera mapulani ake anachokera mmenemo.

Aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, makamaka a m'komiti ya zaumoyo, bajeti ikadzabwera chaka chamawa mufunse funso limodzi lokha: pa K100 iliyonse yopita ku Unduna wa Zaumoyo, ndi zingati zimene zapatulidwira kafukufuku wosankhidwa ndi ife eni? Muyezo wake unaikidwa mu 1990, ndipo ndi K2.